Dengu la amayi kudenga

Amayi anga anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri mpaka msana unakana. Atasiya ntchito, ndinawatenga kukaona chionetsero cha zaluso ku Likhubula. Mtsikana wina wophunzira anali atatolera madengu akutha a anthu othyola tiyi n'kuwapachika kudenga ndi zingwe, basi. Anthu ankazungulira pansi pake mwakachetechete, manja kumbuyo, ngati ali pamaliro a bwana.

Amayi anandikoka malaya. "Ndiye tavalira zovala za kutchalitchi kudzaona zinyalala?"

Ndisanawayankhe, anaima chilili. Dengu lina linali ndi chigamba cha waya wofiira chakumunsi. Anati analisoka okha ndi waya amene anadula pa wailesi ya abambo. Mtsikana uja atamva, anabwera msangamsanga kudzawafotokozera kuti dengulo likuimira kutopa kwa amayi a m'minda ya tiyi.

"Kutopako ndikukudziwa, mwanawe," anatero amayi. "Koma mwalipachika chozondoka. Masamba onse atayika."

Anthu anaseka, koma amayi sanaseke. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza chapansipansi kuti zaka zonsezo linkakhala kumsana, sanalionepo bwino chonchi.

Titafika kunyumba, anatenga mpando wothyoka umene abambo ankalonjeza chaka ndi chaka kuti aukonza, n'kuupachika mumtengo wa mango pakhomo, poti aliyense wodutsa auone. Abambo atafunsa kuti n'chiyani chimenechi, amayi anati chikuimira ulesi. Mawa lake tinadzutsidwa ndi kulira kwa hamala.