Mzere Umodzi M'kabuku ka Dalaivala

Ntchito yanga pa kachipatala kaja inali ya patebulo lapakhomo. Wodwala akatuluka mwa adokotala ankandipatsa kabuku kake, ine n'kuwerenga zomwe alemba, n'kusaka nambala ya nthendayo papepala lomata pakhoma, n'kuilowetsa m'kaundula. Malungo anali ndi nambala yake, chifuwa yake, khunyu yake. Kukomoka kunalibe. Kunkaponyedwa ku "zina ndi zina", ndipo abwana athu akaona zina ndi zina zachuluka ankati ndi ulesi wa kalaliki.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unafika mvula isanayambe, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina masana anabwera nawo bambo wina wa ku Biwi, dalaivala wa minibasi, atakomokera pasiteji. Adokotala anali okha, anthu atafola mpaka panja. M'kabuku analemba mawu amodzi okhotakhota, osawerengeka. Kulowa kukafunsa ndinaopa, chifukwa munthuyo akatopa ankakalipa. Ndiye ndinafunsa akazi awo a dalaivalayo.

"Mayi, bambowa atani?"

"Agwa."

"Anayamba agwapo?"

"Eya, chaka chathanso, nyengo ngati yomwe ino."

Kwathu munthu akagwa kawiri timati ali ndi matenda akugwa, ndipo matenda akugwa ndi khunyu basi. Sindinafunse ngati anaphupha kapena kutuluka thovu kukamwa. Sindinafunse kuti madzi amwa liti. Ndinalowetsa nambala ya khunyu m'kaundula. Kenaka, ati kuthandiza, pansi pa zokhotakhota zija ndinalemba dzina la nthendayo m'Chingerezi, ndi zilembo zanga zokongola zimene ndinkanyada nazo.

Patapita masiku anayi bamboyo anabweranso, kabuku kali m'manja. Mwini minibasi anali atawauza kuti aone kaye zakuchipatala asanawapatse makiyi. Atawerenga, makiyiwo anawaika m'thumba.

"Achimwene, ine ndinali pa kusala kudya," anatero. "Khunyu kwathu kulibe. Ana anga adya chiyani?"

Ndinalowa nawo kwa adokotala. Iwo anawerenga zolemba zawo mosavuta: kukomoka, chifukwa cha ludzu ndi kutentha. Kenaka anandiyang'ana.

"Iwe, udokotala anakupatsa ndani?"

Manyazi anandigwira zedi.

Titatuluka bamboyo anandipempha kuti ndifufute, kapena nding'ambe tsambalo. Koma zolemba zakuchipatala safufuta, sang'amba, sapaka utoto woyera. Cholakwika umachidula ndi mzere umodzi wokha, choti aliyense athe kuwerenga zomwe zinalipo, n'kulemba cholondola pambali, n'kusaina. Ndinatenga rula, n'kujambula mzere wanga wowongoka bwino. Iwo anakayandikizitsa kumaso kabukuko.

"Komatu mawuwa akuwerengekabe."

"Ndi lamulo, bambo."

"Nanga abwana anga akakhulupirira ati, apansi kapena apambali?"

Ndinati apambali. Ngakhale ine mwini sindinazikhulupirire.

Mvula itayamba ndinakumana nawo kudepoti, ndikupita ku Area 25. Anali ataima m'matope pakhomo pa minibasi ya munthu wina, akuitanira anthu, mawu atasasa. Ndinayesa kubisala kumbuyo kwa mayi wina wonyamula dengu, koma anandiona. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunditsegulira chitseko chakutsogolo kuti ndikhale pafupi ndi dalaivala.