Ulusi Umodzi Wotsala

Mayi Yustina a ku Sikka, pachilumba cha Flores, awomba nsalu zaka makumi asanu osaphonyapo kuwerenga ulusi. Amanena okha zimenezi uku akutafuna pinangi, mtedza wofiiritsa mkamwa, ndipo kudzitama kwawoko nkoona.

Ulusi ukakungidwa pachimango, iwo amaugawa m'timitolo tofanana, nkumanga ndi mlaza malo amene utoto usalowe. Timitolo tikasiyana, maluwa a pansalu amapindika. Koma chaka chatha chimango china chinawaonetsa zakuda. Atagawa uwiriuwiri, unatsala ulusi umodzi. Utatuutatu, umodzi. Anayesa mpaka khumikhumi, kaulusi kaja kali pomwepo.

Mpongozi wawo Filomena, mkazi wa mwana wawo, anayamba kunong'oneza abale kuti maso a gogo atha, ntchitoyo angomusiyira iye. Mayi Yustina zinawapweteka kwambiri. Kuwalanda chimango kunali kuwaika m'manda ali moyo.

“Amayi, kukalamba si mlandu,” anatero Filomena. “Pumulani.”

“Ndapuma kale, mwanawe. Ulusiwu ulipo 2,521. Kaitane aphunzitsi.”

Anabwera a Silvester, aphunzitsi a masamu, munthu wochedwa ngati ng'ombe yokhuta. Anawerenga ulusi kawiri nkupeza 2,521 yemweyo. Kenako anakhala pakhonde ndi pensulo, kugawa ndi 11, ndi 13, mpaka 47, khofi nkuwazizirira. Pomaliza anafotokoza kuti nambala imeneyi ndi ya mtundu wouma mutu: sigawika mofanana ndi nambala ina iliyonse, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Maso a mayiwa analibe vuto. Anaonjeza kuti kungodula ulusi umodzi, 2,520 wotsalayo agawika bwinobwino, kuyambira uwiriuwiri mpaka khumikhumi.

Filomena, manyazi ali tho, anathamangira lumo.

“Bweza,” anatero Mayi Yustina.

Anali atakumbukira. Iwo nthawi zonse amakunga 2,520, ndipo pokunga pamafunika anthu awiri opatsirana mpira wa ulusi. Chimango chimenechi anakunga ndi amuna awo, a Kornelis, kutatsala sabata kuti amwalire. Mkuluyo anali wolongolola. Tsikulo nkhani ya mbuzi yawo yothawathawa inamukomera, nkuwapatsira mpirawo kamodzi koonjezera, iwo nkulandira akuseka.

Anagawa ulusi winawo m'timitolo ta khumi, kaulusi kaja nkukasiya kokha m'mphepete osakamanga. Ponyika kanamwa utoto wonse, kanatuluka kakuda bii.

Chimango palibe anawalanda, ndipo mpaka lero Filomena akasokonezeka amawaitana kuti amuwerengere. Nsalu ija ogula aifunsapo kangapo, iwo amakana. Amaivala popita ku Misa, ndipo wansembe akatalikitsa ulaliki chala chawo chimayenda m'mphepete mpaka chitakapeza kamzere kakuda kaja.

“Mwayambatu kulongolola, bambo,” amanong'ona ngati a Kornelis ali pomwepo.