Mphenzi za Wilkins ndi Benchi la a Levi

Mukamva anthu a pa Biwi akunena kuti Wilkins analodzedwa, musawamvere. Ine ndine Saulos, kalipentala. Ndakula naye munthu ameneyu mu Kawale, mpira wachikulunga tinkasewera bwalo limodzi, ndipo mabokosi amene anayamba kumugwetsa ndinakhoma ndi manja angawa. Palibe mfiti inataya nthawi yake pa Wilkins. Anadzipha yekha, masana dzuwa likuswa mtengo, tonse tikuona.

Bambo ake, a Levi, anali okonza mawailesi. Anachoka ku Ntchisi ali mnyamata n'kupeza kamalo pa Biwi, pakati pa magalaja, pomwe aliyense wotsika minibasi amadutsa. Kanali kashopu ka malata chabe, koma mkati mwake munali benchi la mlombwa losalala ngati mbale, ndipo benchi limenelo linaphunzitsa ana asanu. A Levi anali ndi lamulo limodzi. Wailesi ankaitsegula mwini wake ali pomwepo. "Onani nokha, chapsa ndi ichi," ankatero, chakupsacho n'kukupatsa m'manja kuti upite nacho. Mukudziwa tauni ino, okonza ena amachotsa chipangizo chabwino n'kukuikira chakutha. N'chifukwa chake anthu ankachoka ku Area 25, kudumpha okonza khumi panjira, kudzakhala pamzere kwa a Levi.

Tsiku lomwe a Levi ankatsirizika kunyumba kwawo ine ndinalipo. Anamugwira Wilkins pamkono nati, "Malo aja usagulitse. Ukasowa chochita ingokhala pabenchipo, anthu akupeza." Wilkins analira mamina mbwee, n'kulumbira kuti bola afe. Ndinamva ndi makutu angawa.

Mutu anali nawo, pamenepo sindinganame. Chaka chija magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, eni mashopu a magemu ankangowodzera, ana amene amalipira kuti asewere mpira wa pa TV atabalalika. Wilkins anayamba kugula malaputopu akufa sikirini, kuchotsamo bodi, ubongo wa makinawo, kulongamo magemu, kenako n'kulumikiza kuti zonse ziziyendera batire la galimoto. Anabwera kushedi kwanga kuti ndimukhomere bokosi loikamo. Tinalipaka penti yofiira, iye n'kulemba kutsogolo kwake kuti Mphenzi.

Abale inu, chinthu chinagwira msika! Magetsi akathima, shopu yokhala ndi Mphenzi inkadzaza mpaka ana ena kusuzumira pazenera. Anthu a ku Chilinde, ku Area 23, ku Mgona, onse ulendo wa pa Biwi. Ine ndinasiya mipando ndi makabati, ntchito kukhala mabokosi okhaokha. Wilkins naye anasintha kayendedwe. Anagula jekete yoyera ngati ya dokotala, akuti tizimutchula Injiniya. Agogo akabwera ndi kawailesi kawo ka maliro ndi mpira ankawabweza pakhomo. "Zimenezo tinasiya, pitani kwa ana." Anthu omwe anamulera ndi ndalama zawo za mawailesiwo! Ndinangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pafupi ndi kashopuko pankakhala Idrissa, bambo wa ku Machinga wokonza mafoni pa katebulo ka pansi pa ambulera, munthu wofatsa, wosachedwa kupereka moni. Tsiku lina anabwera ine ndikupereka mabokosi.

"Achimwene," anatero Idrissa, "tandionetsani m'katimo. Makinawa afika kutali. Akamawonongeka ku Chinsapo ndi ku 25 tsiku limodzi, muthamangira kuti? Inu muzipanga, ine ndizikonza."

Wilkins anadikira munthu atembenuke, n'kundikodola. "Waona Saulos? Ayamba kununkhiza. Akufuna andibere nzeru."

Nzeru zake ziti? Bodi ya laputopu ya eni ake, magemu a eni ake, batire la galimoto. Chake chenicheni pamenepo chinali penti yofiira, nayonso ndinkapaka ndine.

M'mawa mwake anafika ndi chitini cha fila. Kwa osadziwa, fila ndi phala lija amakaniko amamatira galimoto yopindika, likauma limalimba ngati mwala. Munthu uja anasakaniza phalalo n'kulithira pabodi yonse, mawaya onse kumira, kuti aliyense wotsegula asaone kanthu. Atatero anandiuza kuti kumbuyo kwa bokosi ndisamaikenso masikuluwu, ndizimata ndi guluu n'kukhomerera misomali.

"Iwe Wilkins," ndinamuuza, "bokosi losatsegulika ndi la maliro lokha. Ngakhale limenelo timasiya kawindo koonera nkhope."

"Iwe khoma matabwa," anatero. "Za injiniya uzisiyire ainjiniya."

Sanalekere pomwepo. Mapadi, tija ana amagwira m'manja posewera, anawadula pulagi yake n'kuikapo ina yamano asanu ndi awiri imene anakatola kugalaja. Cholinga chake akuti aliyense wofuna padi azibwera kwa iye yekha. Koma ana a muno mumawadziwa. Akamenya chigoli amadumpha ndi padi yomwe, akagonja amaimenyetsa pansi. Padi ikatha mwezi ndi mwayi. Mapadi ali mbwee mumsika wa m'tauni pamtengo wabwino, koma palibe imodzi yolowa pa Mphenzi. Mwini shopu azitseka geni yake, akwere minibasi ziwiri, afike pa Biwi, auzidwe kuti Injiniya atanganidwa, mubwere Lachinayi.

Chimene Wilkins anaiwala, mwana wa a Levi weniweni, n'chimene mayi aliyense wa mu Kawale amadziwa. Kuno sitigula chinthu chifukwa chokongola. Kaya ndi galimoto, kaya ndi ayironi, kaya ndi njinga, funso limakhala limodzi: chikawonongeka amakonza ndani? Kuno chinthu sichifa kamodzi. Chimafa, n'kudzutsidwa, n'kufanso, mpaka zidzukulu kuchipeza. Iyeyo anapanga chinthu chofa kamodzi ngati munthu.

Ndiye kunabwera Okutobala. Dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Bodi ili m'kati mwa fila, fila ali m'bokosi lomata, bokosi lili m'kashopu ka malata modzaza ana makumi awiri. Mphenzi zinayamba kuzima imodzi ndi imodzi.

Oyamba kufika anali Mayi Elube a ku Chinsapo, mayi wamasiye amene anagula Mphenzi zitatu ndi ndalama zogulitsa mandasi. Anatsika pa kabaza bokosi lili pamiyendo, thukuta kamukamu, n'kuliika pabenchi la a Levi.

"Bambo, chathima. Tatsegulani tione."

Wilkins anazungulira bokosi lija, kuligogoda, kuika khutu ngati dokotala. Atsegule bwanji? Ndinamata ndine, ndipo ine ndikamata ndamata.

"Amayi, imeneyi ndi yachikale," anatero osachita ndi manyazi omwe. "Tsopano kwabwera Mphenzi 2. Onjezerani pang'ono mutenge yatsopano."

"Nanga mapadi asanu ndi limodzi ndinagula aja alowa?"

"Ayi, ya 2 ili ndi pulagi yakeyake."

Mayi aja anamuyang'ana kuyambira kujekete mpaka kunsapato. Kenako anati, "Bambo anu ankatsegula wailesi yanga ine ndili pompano, pampando uwu. Inu mwabisamo chiyani?"

Ananyamula bokosi lawo, kutuluka nalo panja, n'kuliika pakati pa njira. Anaitana makaniko wina kuti abwere ndi hamala yaikulu. Biwi yonse inasiya ntchito, owotcherera, openta, ogulitsa chiwaya, onse kudzaunjikana. Hamala itagwa kachitatu matabwa anga anamwazika, ndipo m'katimo munatuluka chibuma chotuwa, mawaya ali tutulutu ngati ndevu. Makaniko uja anachinyamula, kuchinunkhiza, n'kufuula, "Aaa, koma uyu ndi fila wathu yemweyu!" Kuseka kwake kunamveka mpaka ku Kawale. Wina anajambula pafoni, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzi chinali chitazungulira pagulu la eni mashopu a magemu.

Mayi Elube anapita m'tauni kukagula makina akunja ogwiritsidwa kale ntchito, aja mapadi ake amapezeka paliponse. Atavuta, anabwera nawo kwa Idrissa, iye n'kuwatsegula pamaso pawo pansi pa ambulera. Ena onse anatsatira njira yomweyo. Magetsi nawo anayamba kukhalitsako, basi chifukwa chopiririra Mphenzi chinatha.

Munthu wanzeru akanapepesa, n'kutaya chitini cha fila, n'kuitana Idrissa kuti agwirizane. Wilkins anati ndi nsanje. Akuti Amalawi sakonda zopangidwa kwawo, akuti tili ndi mtima wokokerana pansi. Mxii! Amalawi omwewo si amene ankakhala pamzere kugula mabokosi ake? Anati Mphenzi 3 ndiyo itseke anthu pakamwa, ndipo apanga makumi atatu nthawi imodzi. Chovuta chinali ndalama zogulira mabodi ndi mabatire. Madzulo ena tikuweruka ndinamuona ataima panja, akuyeza kashopu kaja ndi maso.

"Wilkins, usayerekeze," ndinatero. "Ndinalipo tsiku lija. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Kakhumbi aka?" anayankha. "Chaka chamawa ndikhala ndi fakitale ku Kanengo. Bambo anali munthu wa mawailesi, sankaona patali."

Mawu amenewo anandiwawa ngati wanyoza bambo anga. Ndinamuuza kuti mabokosi akewo akakhomere kwina, koma anapita kukapeza kalipentala wina ku Chilinde, ntchito n'kupitirira. Kashopu kanagulitsidwa sabata yomweyo, benchi lili momwemo chifukwa silikanatuluka pakhomo osaphwasula khoma. Wogula anali Idrissa. Anapinda ambulera yake n'kulowa m'nyumba ngati munthu.

Mphenzi 3 anazipangira kunyumba ya lendi ku Kawale, pabalaza, mkazi wake Vaileti ndi ana akudyera pakhonde. Mukuganiza kuti anaphunzirapo kanthu? Fila yemweyo, koma tsopano anaboola timabowo kumbali kuti akuti mphepo izilowa. Mphepo ilowe ikapeze mwala! Pulagi anasinthanso kachitatu. Anayenda nazo pa njinga ku Area 23, ku Area 49, mpaka ku Lumbadzi, ndipo kulikonse funso linali lomwe lija: chikawonongeka amakonza ndani? Anagulitsa ziwiri. Zotsalazo Vaileti anatopa nazo. Anandiitana mwamuna wake kulibe, ndinagumula kutsogolo n'kukhomapo waya wa nkhuku, iye n'kuzigulitsa kwa oweta zinziri. Zinatha m'masabata awiri, ndipo mpaka lero palibe wabweza ngakhale imodzi.

Mwezi wathawu ndinamuona Wilkins akutsika minibasi pa Biwi, kachikwama ka zida m'manja, jekete yoyera ija palibe. Anadutsa pashedi panga osayang'ana kumbali. Ndinasiya ntchito n'kumutsatira chapatali, pakuti zoterezi sumafuna kuchita kumva kwa anthu. Anaima pakhomo pa kashopu ka bambo ake, n'kuodira ngati mlendo.

"A Idrissa, ngati pali kantchito."

Idrissa anaimirira, kumupatsa moni ndi manja awiri, osamukumbutsa kalikonse. Ine ndikanakhala iyeyo ndikanayamba ndaseka kaye. Anamukokera mpando nati, "Malo alipo, achimwene. Mwafikanso bwino. Abambo awa achokera ku Mgona, akhala akubwera katatu konse."

Pakona panakhala bambo wachikulire atafungatira bokosi lofiira, penti itasuluka. Inali Mphenzi yoyamba yeniyeni, misomali yake ndinaizindikira. Bamboyo anati kwawoko magetsi sanafike m'nyumba mwake, ndipo makina a batirewa ndi amene ankamudyetsa. Anazungulira okonza onse mpaka m'tauni, aliyense akungopukusa mutu.

"Amene analipanga ndi ameneyu," anatero Idrissa. "Koma pano lamulo ndi lija la kale. Timatsegula mwini katundu akuona."

Wilkins anakhala pabenchi. Anatulutsa masikuludiraiva ake n'kuwandandalika bwinobwino monga ankachitira a Levi, kenako anazungulira bokosi lija kufuna poyambira. Panalibe sikuluwu ngakhale imodzi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, bambo wa ku Mgona akumuyang'ana mwachidwi. Pomaliza anadzuka, kutuluka, n'kundipeza nditaima panja.

"Saulos," anatero, mawu ali pansi, "tandibwereka tchizulo ndi hamala."

Ndinakatenga kushedi n'kumupatsa. Matabwa sanavute, koma fila uja anakana. Go! Go! Go! pabenchi lomwe a Levi anakhalapo zaka makumi atatu osamenyapo hamala ngakhale tsiku limodzi. Tizidutswa totuwa tinkathethekera kumaso kwa mwini katundu. Wilkins anatuluka thukuta, n'kumenya mwamphamvu. Chibuma chinang'ambika pakati, bodi n'kuthyokera momwemo, ndipo tchizulo inapitirira n'kukazika mu mlombwa uja, kusiya chibowo cholowa chala.

Bambo wa ku Mgona anagwira pakamwa. Wilkins anaika chala pabowo paja, kusisita pang'onopang'ono.

Idrissa anabwera, anasuzumira, n'kunena mwaulemu wake wonse uja, "Pepani achimwene, muzimenya mosamala. Mundiwonongera benchi langa."