Kapu ya Ulusi Wofiira

Lero pamsika wa Zingwangwa ndaona kapu yachitsulo yosupuka m'mphepete, ndipo ndaima n'kumaiyang'ana.

Bambo anga anali ndi ina yotere chaka chija tinavotera zipani zambiri. Ankadwala matenda amene anthu sankawatchula dzina. Amayi anandituma kuti ndimange ulusi wofiira pachogwirira cha kapu yawo, kuti wina asamweremo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamanga mfundo zitatu kuti usamasuke.

Azimayi a kumpingo ankabwera Lachinayi lililonse, koma nyimbo ankaimbira pakhonde.

Masana ena kunabwera mayi a nyumba yoyandikana nafe, a ku Rumphi, amene sankalankhulana ndi amayi anga chikanganirane za mavoti pampopi. Iwo sanaime pakhonde. Analowa mpaka kuchipinda, nakhala pamphasa pafupi ndi bambo.

"Mwana iwe, alendo muno simuwapatsa madzi?"

Ndinathamangira tambula ya alendo. Pobwerera ndinapeza atanyamula kale kapu ya ulusi ija, imene bambo anali atangomwera.

"Imeneyo ayi, mayi!" anatero amayi anga ali pakhomo. "Ndi ya odwalawa."

"Ndaiona," anayankha mlendoyo. "Nanga pa Mgonero, ine ndi achimwenewa sitimwera chikho chimodzi?"

Anamwa pang'onopang'ono mpaka madzi kutha. Kenako analuma ulusi uja ndi mano, naudula.

Bambo, amene anali atatha masiku awiri osalankhula, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.