Ankati Amayi Ndi Olongolola

Ndikukumbukira m'mawa wina wa nkhungu, ndili mu sitandade 3, pamene mnzanga wokhala naye pa benchi anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Sendera uko, mwana wa olongolola." Ena onse anaseka. Mawuwo ndinkawamva kuchitsime, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti ankanena amayi anga.

Tinkakhala kwawo kwa bambo, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kumene amayi anali pa chitengwa. Bambo anapita ku Joni kukafuna ntchito, kenako anangoti zii. Anatisiyira munda wa kachewere wochita malire ndi wa akulu awo, a Kadzuwa. Chaka chilichonse nthawi yogalauza, khasu la a Kadzuwa linkadya mzere umodzi wa kwathu, mwina iwiri. Amayi ankaimirira pamalirepo, chitenje atamanga m'chiuno, n'kumakalipa mpaka mawu kusasa. Ankakadandaula kwa apongozi awo, kwa ankhoswe, ngakhale ku mphakati pambuyo pa mapemphero. Anthu akawaona akubwera ankakodolana.

Nditaweruka tsikulo ndinawapeza akusankha mbewu pakhonde, zala zitauma ndi mphepo.

"Amayi, kodi kulongolola n'kutani?"

Sanadzutse mutu. "N'kunena chinthu chimodzi kambirimbiri, mpaka anthu kutopa nawe."

"Nanga bwanji simusiya?"

"Chifukwa sanandiyankhebe, mwanawe."

Mvula itayandikira kunabwera amayi awiri achikulire a ku mphakati. Anakhala pamphasa, nalankhula mofatsa ndithu. Anati mtengwa salimbana ndi eni mudzi, ndipo dzina lakuti olongolola lidzamata pa ana. Mmodzi anandiloza nati, "Uyu adzamufunsira ndani, akamva kuti ndi wa nyumba yolongolola?" Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndamva."

Kuyambira pamenepo sanakwezenso mawu. A Kadzuwa ankalima mizere yathu amayi akuona, iwo n'kungowerama kupalira pamene patsala. Mudzi unawayamikira. Kuchitsime, powatchula ndi mfunda wawo, ankati Nabanda wafatsa, mapemphero amugwira. Koma munda unatha, ndipo njala italowa m'nyumba tinasenza katundu kupita ku Linthipe, kumene amayi ankagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Wogula akawanyoza ankangomwetulira. Ngakhale kuimba kumene ankaimba akamasinja kunatheratu.

Anamwalira ndili folomu 2. Pamaliro, mnzawo wa pamsika anaimirira nati, "Mayi awa anali ofatsa. Sitinawamvepo akukangana ndi munthu." Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira poona bokosi, chifukwa amene ankamutamandayo sanali amayi anga athunthu, linali theka chabe.

Olongolola enieni alipo, ndakumana nawo, anthu oyambitsa mkangano ngakhale pa mchere. Koma ndazindikira kuti mawu amenewa satuluka kawirikawiri polankhula za munthu wamphamvu. Timawaponyera amene alibe womulankhulira, kuti tikambe za pakamwa pake m'malo mokamba za chimene walandidwa. Lero munthu akandiuza kuti uje ndi wolongolola, ndimayamba ndafunsa kuti, "Kodi akunena chiyani, nanga alipo amene wamuyankha?"