Botolo Limene Linakana Kuundana

Bambo Semaan andipempha kuti m'kalata ya parishi yathu ya Mar Dumit mwezi uno ndilembe za malemu aphunzitsi Nuhad Shalhub. Ndinawauza kuti ine sukulu ndinaithawa ndevu zisanamere, dzanja langa linazolowera chiwongolero. Iwo anati, "Shafik, pakamwa pako sipanatsekedwepo chibadwire. Lemba momwe umalankhulira m'takisi muja, koma uchotse zotukwana." Ndachotsa. Zotsala ndi izi.

A Nuhad anabadwira m'nyumba yomaliza ya kumtunda, mwana yekhayo wa a Jirjis osoka nsapato. Amayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo mphika unali wawo, mtsuko wawo, Misa ya m'mawa osaiphonya. Tinali kalasi imodzi, iwo kutsogolo, ine pafupi ndi chitseko poti ndinkadziwa kumene ndikulowera. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi, anzawo onse anatsikira ku Beirut, ena mpaka ku Australia. Iwo anakwera phiri kubwerera kuno, chifukwa maso a bambo awo anali atayamba kuchita khungu.

Anawapatsa ana a zaka khumi ndi ziwiri, msinkhu umene ngakhale Satana amaupewa, kuti aziwaphunzitsa sayansi. Zipangizo sukulu inalibe. Ankabwera ndi dengu: dzira, msomali, kandulo, mchere, tambula. Ankati chinthu chilichonse chimalemera ndipo chimatenga malo, ngakhale mpweya. Mwana akatsutsa, ankakwinya pepala n'kuliika pansi pa tambula, n'kuivundikira m'beseni la madzi, pepala n'kutuluka louma. "Madzi alephera kulowa chifukwa muli kale mwini nyumba," ankatero. Dzira limene lamira m'madzi ankaliyandamitsa pothira mchere. Kandulo ankaisungunula, ana n'kuona cholimba chikusanduka chamadzimadzi, kenako n'kulimbanso. Akamaliza ankapukuta manja n'kunena kuti, "Mulungu anapatsa chinthu chilichonse khalidwe lake, ndipo sichichita manyazi nalo."

Nthawi imeneyo anali pa chitomero ndi Tanios, mwana woyamba wa Abu Tanios, mwini chigayo cha azitona. Mnyamata wamtali, mawu okoma m'kwaya, koma bambo ake akatsokomola iye ankaimirira. Ukwati unali woti uchitike Pasaka ikadutsa.

Mwezi wa Januwale kunagwa chipale chofewa masiku atatu. A Nuhad anauza ana kuti aliyense abweretse kabotolo ka mafuta a azitona a kwawo, alembepo dzina, kuti aone momwe kuzizira kumalimbitsira chinthu chamadzimadzi. Anawandandalika panja pa zenera. M'mawa mwake mabotolo onse anali atayera, mafuta ataundana ngati mafuta a nkhosa. Limodzi lokha silinasinthe, mafuta akuyendayenda ngati kuli dzuwa. Dzina lake linali la Salim, mng'ono wake wa Tanios. Ana enawo anatunga m'mitsuko ya kwawo, ya mitengo yawo. Salim amayi ake anamukaniza a kukhitchini, ndiye anangokatunga m'chitini cha m'sitolo ya bambo ake, zitini zija zinkagulidwa ndi amasiye opanda mitengo ndi abale athu obwera kutchuthi.

Ana anafunsa chifukwa chake. Aphunzitsi anangoti mafuta amasiyana, ena amaundana msanga, ena mochedwa, n'kupitiriza phunziro. Koma mwana wa kuno amadziwa azitona asanadziwe Atate Athu, ndipo amadziwanso kuti mafuta amene saundana si a azitona enieni, ndi a mpendadzuwa otchipa aja.

Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo Bambo Semaan ati ndisafufute. Mwana wanga Rima anali m'kalasi imeneyo, anandiuza pa chakudya cha masana. Ine khofi wa madzulo sindinamudikire. Ndinakalowa pomwera khofi n'kunena kuti, "Anzanga, boma lilembe mafuta a Abu Tanios usilikali. Agona panja m'chipale osanjenjemera!" Anthu anaseka mpaka kutaya makhadi. Dzuwa lisanalowe nthabwala yanga inali itafika m'nyumba iliyonse, ndipo pofika kumeneko sinalinso nthabwala.

Abu Tanios anapita kusukulu yekha, atavala jekete ya ku Misa.

"Mwana wanga," anatero, "mawa uwauze anawo kuti botolo lija linali mbali ya mbaula."

"Silinali mbali ya mbaula, bambo. Linali pakati pa anzake."

"Ndiye unene kuti linali ndi madzi, kapena sopo, kaya chiyani. Iwe ndi wophunzira, upeza chonena. Pasaka siili kutali, ukumva?"

"Ndikumva, bambo. Koma ana aona ndi maso awo. Ndikawauza kuti maso awo ananama, mawa ndiwaphunzitsa ndi chiyani?"

Tsiku lomwelo kunabweranso ena, aja anagula zitini, motsogozedwa ndi Um Fares, wamasiye wa pakamwa pakuthwa kuposa panga. Ankafuna kuti aphunzitsi atsike nawo kuboma akachitire umboni. A Nuhad anakananso. "Ine ndaona botolo losaundana. Dzanja losakaniza sindinalione, ndipo zenera la sukulu si bwalo la milandu."

"Ha! Wayamba kale kuteteza apongozi!" anatero Um Fares, n'kulavula pansi.

Motero tsiku limodzi a Nuhad anakwiyitsa mbali zonse ziwiri, luso limene ngakhale ine ndilibe.

Kwa Tanios ananena mawu ochepa, ndipo anandiuza okha patapita zaka zambiri: "Zimene zili m'zitini ukuzidziwa ndiwe. Sindikunenera. Udzanene wekha." Tanios anayang'ana nsapato zake. Sabata yotsatira azakhali ake anabwera kudzatenga mphete. Chaka chisanathe anakwatira mtsikana wa kunyanja.

Mudzi uli ndi chigayo chimodzi, ndipo aliyense ali ndi azitona. Mkwiyo wa anthu pa Abu Tanios unatha mwezi wokolola utayandikira. Wa pa a Nuhad sunathe. Anthu anagwirizana kuti mphunzitsi wodzimva uja ananyozetsa banja lolemekezeka ndi masewera a mabotolo. M'tchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo ambiri. Kumaukwati ankaiwalika. Akapita ndi matumba awo kuchigayo, makina ankapezeka kuti angowonongeka kumene, n'kuchira iwo akangokhota pakona. Ndinayamba kuwanyamulira azitona awo kumudzi wa kutsidya kwa chigwa chaka ndi chaka. Ena amalapa ndi korona, ine ndinalapa ndi matayala.

Sanadandaule. Anasamala bambo awo mpaka kuwaika m'manda. Loweruka lililonse ankachapa nsalu za paguwa, okha, poti amayi ena anasintha tsiku. Pamene Um Fares anadwala matenda aja oti ana ake omwe ankangoimba foni kuchokera ku Sydney, amene ankamutembenuza pabedi anali a Nuhad. Ana a Tanios anadutsa m'kalasi mwawo onse atatu, ndipo sanawachotsere kapena kuwaonjezera ngakhale theka la malikisi. Phunziro la mafuta sanalisiye, koma mabotolo ankabweretsa okha, awiri, opanda dzina la munthu.

Tsiku lina tikuchokera kutsidya ndinawafunsa. "Aphunzitsi, ku Beirut sukulu zilipo, amuna aliponso, ena mpaka a mano awo. Mukudikira chiyani kuno?"

"Yang'ana msewu, Shafik."

"Msewu ndimaudziwa ngati mkazi wanga. Yankheni."

Tinawoloka mlatho. Kenako anati, "Tanios uja ali ndi mawu pakhosi. Ndikachoka, adzawanena kwa yani?"

Ndinafuna kuseka, koma nthabwala sinabwere. Zaka makumi awiri zinali zitadutsa kale tsiku limenelo.

Zinadutsanso makumi awiri ena. Abu Tanios anamwalira, mkazi wa Tanios anamwalira, ana anachepa m'mudzi mpaka sukulu inatsekedwa. A Nuhad anatsala kumtunda kuja ndi mphaka ndi buku la mapemphero. Utsi ukatuluka pa chumuni, tinkadziwa kuti adzuka.

Mwezi wathawu mtima wawo unafooka, ndipo anakana kupita kuchipatala. Lachiwiri m'mawa Tanios anandiimitsa pabwalo, ndodo m'manja, tsitsi mbuu.

"Kumtunda," anatero.

"Kumtunda kuti, Tanios? Kumwamba sindifika, mafuta ndi ochepa."

"Usandivute, galu iwe. Ukudziwa."

Ndinamufikitsa pachipata. Anagwira chitseko cha galimoto, osatsegula. Tinakhala pamenepo mpaka injini inazizira. Kenako anati, "Tembenuza." Ndinatembenuza.

Masana ndinawapititsira a Nuhad msuzi wa mphodza umene mkazi wanga anaphika. Bedi lawo linali pazenera, ndipo anali ataona zonse.

"Wamantha uja wabwerera pachipata," ndinatero.

"Usamutche choncho. Kuchokera kuchigayo kufika pachipata changa wayenda zaka makumi anayi. Masitepe atsala asanu ndi awiri okha. Mpatse nthawi."

"Nthawiyo muli nayo, aphunzitsi?"

Anamwetulira. "Ine ayi. Iye ali nayo."

Lachisanu Bambo Semaan anawadzoza mafuta a odwala n'kuwapatsa Ukalistia. Loweruka m'mawa utsi sunatuluke. Tinawapeza atagona chammbali, korona m'dzanja, nkhope ngati ya munthu amene ana onse akhoza mayeso.

Mukudziwa mwambo wathu: tikachoka kumanda, abale amaima pamzere m'holo ya parishi, ife n'kumadutsa kuwagwira chanza. A Nuhad analibe m'bale. Anthu anadzaza holo, poti maliro sitiphonya ngakhale a munthu amene tinamuphonya ali moyo, koma kutsogolo kunali mipando yokha. Tinangoima, aliyense akuyang'ana mnzake, osadziwa woti timupepese.

Ndiye tinamva ndodo. Tanios anadutsa pakati pathu pang'onopang'ono, nakaima pamalo a abale, yekha. Woyamba kumuyandikira anali Rima wanga, amene tsopano ndi gogo. Anatambasula dzanja n'kunena mawu a nthawi zonse, kuti Mulungu awachitire chifundo. Tanios sanayankhe mawu a nthawi zonse. Anati, "Mafuta aja ndinkasakaniza ndine, ndi manja angawa. Iye sananame."

Ananenanso kwa wachiwiri. Ananena kwa wachitatu. Ena ankafuna kudutsa msanga, iye n'kugwira dzanja osalitaya mpaka atamaliza. Ana a dzulo, amene sadziwa n'komwe za botolo, anawauzanso. Mdzukulu wake anamubweretsera mpando, anaukana. Ine ndinali womaliza pamzere, ndipo pofika pa ine mawu anali atamuthera, milomo yokha ikuyenda.

Ambuye awapatse aphunzitsi athu mpumulo umene ife sitinawapatse. Misa ya tsiku la makumi anayi idzakhala Lamlungu loyamba la mwezi wamawa. Amene miyendo ikuvuta andiuze, ndidzawatenga pakhomo.