Kalavani ya a Ovide Trahan

A Ovide Trahan a ku Hackberry anakonza mainjini a maboti a asodzi kwa zaka makumi anayi, koma chimene ankachisamala kuposa msana wawo chinali kalavani yoyera, kanyumba ka mawilo kokoka ndi galimoto, imene inkaima pambali pa nyumba. Sinali yokacheza nayo kutali ayi. Chaka china namondwe atasasula denga n'kudzaza matope m'zipinda, iwo ndi akazi awo, mayi Leola, anagona m'kalavani yobwereka miyezi khumi ndi inayi. Atalowanso m'nyumba anagula yawoyawo, nati, "Nyumbayi eni ake ndi madzi. Yathu ndi iyi."

Anaiwakira simenti poima. Kukamveka za mphepo, ankadzaza madzi m'matanki ake kuti ilemere, n'kuimanga ndi malamba ku zikhomo za pansi. Poopa akuba anakoleka loko pachitsulo chokokera, tcheni chonenepa ngati dzanja n'kuchipisa m'mawilo. Akachoka ku Misa ankayamba agwedeza maloko asanavule jekete.

"Bambo, ineyo munandilonderapo chonchi?" mayi Leola ankawaseka.

"Iwe angakube ndani? Angakubweze tsiku lomwelo."

Ogasiti wina boma linalamula kuti onse asamuke, kukubwera namondwe wamkulu. Nthawi imeneyo mayi Leola anali atayamba kupumira makina, ndipo sakanapirira ulendo wochedwa wokoka kalavani. A Ovide anapsompsona korona yopempherera yolendewera pagalasi la galimoto, natengera kaye mayi Leola kwa mng'ono wa mayiwo ku Alexandria, n'kubwerera okha kudzatenga kalavani.

Anafika cha m'ma folo masana. Pasimenti panalibe kanthu. Tcheni chinali pansi, chodulidwa pawiri.

Anatsika m'galimoto osazimitsa injini. Anaponda pasimentipo, nayang'ana kuseri kwa nyumba ngati kuti chinthu chachikulu choncho chingabisale.

Tsidya la msewu a Curley Doucet, mnzawo wa zaka makumi atatu, ankakweza jenereta m'galimoto. Anakuwa akumwetulira, "Mwabwereranji, achimwene? Zonse tathana nazo kale!"

"Zonse ziti?"

"Kalavani! Wabwera mwana wa achemwali anu uja, munthu waulemu bwanji. Akuti amalume a Ovide ndi mayi Leola andituma, koma makiyi apita nawo. Ndiye ine n'kukatenga chodulira zitsulo. Koma tcheni chanucho, inu! Chatitulutsa thukuta amuna atatu."

"Curley."

"Ndamuonetseranso pobwerera m'mbuyo, magetsi ndamuyesera, buledi wapanjira ndamupatsa..."

"Curley, ine ndinabadwa ndekha. Pamaliro a amayi unalipo iwe. Unaonapo chemwali?"

Kumwetulira kuja kunatsalira pankhope ya a Curley kopanda mwini. "Koma... koma maina anu onse awiri amawadziwa."

A Ovide anakhala pansi pasimenti. Maina aja anawasema okha pathabwa, nalipachika pachitseko cha kalavani monga amachitira aliyense wokhala ndi kalavani, kuti odutsa adziwe eni ake. Ndipo tsiku losamuka kuno munthu wokoka kalavani safunsidwa mafunso. Umasiya zako, n'kukamuthandiza kukoleka.

"Mayi Maria," a Curley ananong'ona, atagwira mutu ndi manja onse. "Ndamuuzanso kuti Mulungu amudalitse."

Wapolisi amene anayankha foni anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Bambo, mumsewu wopita kumpoto muli makalavani oyera mazanamazana. Inuyo tulukani m'menemo, mlatho titseka posachedwa."

Ali m'njira anaimbira mayi Leola. Anawauza za kalavani, makina awo opumira akumveka pafoni. Kenako mayiwo anafunsa chapansipansi, "Nanga madzi akalowa, tikagona kuti?"

Madzi analowadi, mpaka m'mawindo. Kalavani sinaonekenso.

Tsiku limene misewu inatsegulidwa, a Ovide anapeza pasimenti pawo pataima kalavani ina, yakale, yachikasu, makiyi ali pamasitepe. Inali ya a Curley. Mwini wakeyo, amene nyumba yake nayonso inali itamira, anayala matiresi kumbuyo kwa galimoto tsidya la msewu, ndipo anagona mmenemo mpaka Khirisimasi. A Ovide anawoloka katatu kukawauza kuti atenge chinthu chawo. Katatu konse a Curley anangoyang'ana pansi, n'kupitiriza kukolopa matope.